Ermelinda Avula Zakuda

Kwa milungu itatu mapu a zilumba za Cabo Verde anali chiyalire patebulo la Mayi Ermelinda, moti chakudya ankadyera pamiyendo. Bungwe la okalamba la m'boma lawo linakonza ulendo wa masiku khumi, ndipo iwo sankafuna kukafika kumeneko ali tuzutuzu. Zilumba zonse khumi anaziloweza. Ku Sal kuli mchenga ndi mchere basi, akagoneko alesi. Ku Santa Luzia sikukhala munthu. Mtima wawo unali pa Fogo, kumene mphesa zimamera paphulusa la phiri lamoto. Munthu amene wadulira mpesa zaka makumi asanu pamiyala ya kwawo ku Trás-os-Montes sangamve zoterozo n'kungokhala.

Vuto linali zovala. Chimwalirire amuna awo a Albano, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ankavala zakuda kuyambira mpango mpaka masokosi, monga amasiye onse a m'mudzimo. Koma namwino atawayeza kuthamanga kwa magazi sanawabisire: ndi dzuwa la kumeneko, zakuda zaubweya zija adzagwa nazo tsiku loyamba. Anakwera basi yopita kutauni ya Bragança n'kubwerako ndi diresi yopyapyala ya buluu.

Lachisanu a Graciete, mlongo wawo wa malemuwo, anaipeza itayanikidwa pachingwe. Iwowo ndi amene analonjeza kukama mbuzi zinayi za Mayi Ermelinda masiku onse a ulendo. Anafunsa ngati inali ya mlendo, ndipo atamva mwini wake nkhope inagwa.

“Mlamu, mwapeza wina kapena? Achimwene anga awola kale mumtima mwanu?”

“Achimwene anuwo ndinawasambitsa zaka ziwiri ali gone. Inu munkabwera ndi maluwa.”

A Graciete ananena mawu amodzi okha: akavula zakuda, afune wina wokama mbuzizo. Anadziwa pobaya. Mbuzi yosakamidwa masiku awiri imatupa bere, ndipo m'mudzimo anthu odziwa kukama anatsala owerengeka, onse amasiye, onse anzawo a Graciete.

Loweruka lonse Mayi Ermelinda anayesa nzeru. Mwana wawo wokhala ku Lyon anati pafoni angonyamula diresiyo m'chikwama, akavalire kubwalo la ndege, adziwa ndani? Iwo anadula foni. Sanabe kanthu kuti azivala mobisala m'chimbudzi.

Lamulungu diresi ija anaisita, anaivala, anapita ku Misa. Kunkazizira ndithu ndipo manja anachita tsembwe, koma jekete anaisiya dala. Anakhala pa benchi yawo yanthawi zonse, pakati pa mipango yakuda isanu ndi umodzi. Palibe anawapatsa moni. Ansembe anasokoneza mzere powerenga.

Misa itatha anaima pakhomo la tchalitchi, poti aliyense adutsepo, n'kulengeza kuti Lachitatu akunyamuka, mbuzi zilipo zinayi, yamawangayo imaponda, tchizi chonse cha masiku khumi adya wokamayo. Ndani?

Anthu anayang'ana nsapato zawo. A Graciete anadutsa chowongoka ngati mzati. Mayi Ermelinda sanasunthe. Mumtima anali atatsimikiza kale kuti pakasowa munthu, mbuzizo azikusa wapansi mpaka kutsidya kwa mtsinje, kwa mbusa wa kumeneko.

Omaliza kutuluka anali a Benilde, amene anavala zakuda kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ndipo ankatsogolera pemphero la korona. Anaima, anagwira nsalu ya diresiyo ndi zala ziwiri, anaifikisa ngati akugula.

“Yopepera, siichedwa kung'ambika,” anatero. “Makiyi a khola mubweretse Lachiwiri. Kusitoloko ilipo diresi yaikulupo kuposa iyi?”

“Ilipo. Yobiriwira.”

“Yobiriwira imandikalambitsa. Mukafunse ina.”