Anagula Nyumba kwa Mkamwini

Sitima isanamangidwe n'komwe padoko, Lefteris anali atayamba kale kukuwa.

"Stamatia! Tayang'ana kumtunda uko! Ya chitseko chobiriwira iyo! Ndi yathu imeneyo!"

Stamatia anatsika pang'onopang'ono, dzanja lina pachitsulo, lina pamimba, poti pakati pake panali patakula. Mwamuna wakeyo anatsogola mwezi wapitawo atapeza ntchito yokonza makina a magetsi pachilumba chathu chino, ndipo pafoni nkhani inali ya nyumba yokhayokha. Makiyi a nyumba ya lendi ku Piraeus, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, anali atawabweza kale. Zonse zimene anali nazo padziko lapansi zinali m'kalole kamene kankatsika m'sitimamo chambuyo: bedi, firiji, makatoni, ndi kabedi ka mwana kogula apongozi ake a Stamatia.

"Mwaguladi?" anafunsa Stamatia akuseka, poti chimwemwe cha Lefteris chinali chopatsirana ngati chimfine.

"Tinagwirana chanza ndi a Minas eni ake, amuna onse akuona, uko amamwera khofi. Mtengo tinamvana, raki, kachasu wa kuno, tinamwa. Kwangotsala kusaina. Anthu ake ndi abwino, iwe! Nditangoti ndagula, onse anaseka mpaka misozi."

"Ankaseka chiyani?"

"Kusangalala, nanga n'chiyaninso?"

Ife kuno tikaseka mpaka misozi, munthu wanzeru amafunsa. Koma Lefteris anali wa mtima woyera ndi miyendo yachangu, ndipo safunsa anadya phula.

Msewu umathera patchalitchi. Kuchokera pamenepo ndi masitepe okhaokha, katundu amayenda pamsana. Tsiku limenelo amuna onse a kumalo omwera khofi kuja anatuluka kudzathandiza, ngakhale aja amadandaula msana akatumidwa buledi. Lefteris anawathokoza mmodzimmodzi. Sanadziwe kuti chinawadzutsa pamipando sichinali chifundo ayi. Ankafuna malo akutsogolo.

Pakhomo la chitseko chobiriwira panali patakhala mayi wachikulire wa duku lakuda, akusenda anyezi. Anali Mayi Ernia, akazi awo a a Minas. Chiyambire kuvutika mawondo, awiriwa ankagona kumunsi pafupi ndi dokotala, koma mayiwo ankakwerabe m'mawa uliwonse kudzatsegula mawindo. Kumbuyo kwawo a Minas ankathirira duwa limene linali litakhuta madzi kalekale.

"Firiji imeneyi ikupita kuti?" anafunsa Mayi Ernia osadzutsa mutu.

"M'nyumbamo, amayi. Ndagula," anatero Lefteris.

"Mwagula kwa yani?"

"Kwa a Minas."

Mayi Ernia anaika mpeni pansi. "Inu a Minas, mwagulitsa nyumba?"

"Ine ndinangoti mtengowo ndi wabwino," anayankha a Minas akuyang'ana duwa. "Ndipo ndi wabwinodi. Nanga mlendo akukugulira raki ungamutsutse?"

"Tsiku la ukwati munalowa ndi chiyani pakhomo pano?"

"Ndi zeze wanga."

"Ndi chiyani china?"

"Mathalauza awiri."

"Gulitsani amenewo."

Amuna aja anatula firiji pansi kuti aseke bwino. Kuno kwathu nyumba ndi ya mkazi. Imachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi woyamba, ndipo mwanayo amatenga dzina la agogo ake akuchikazi. Mwamuna ndi mkamwini. Akhoza kupaka laimu khoma mpaka kumera imvi, koma ngakhale msomali sungakhale wake. Mwana aliyense amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake palibe anaganiza zomuuza Lefteris.

Nthawi yomweyo sitima inaliza hutala kumunsi, ikunyamuka. Nyengo ya mphepo inali itayamba, ndipo ikatero tsiku lobweranso sitima amadziwa ndi Mulungu. Stamatia anayang'ana kabedi ka mwana katakhala pamasitepe, ndipo mantha anamugwira kwenikweni. Mwana anali pafupi, denga panalibe.

"Amayi," anatero mwaulemu, "ndingakhaleko pansi?"

Mayi Ernia anayang'ana mimbayo kwa kanthawi. "Lowa, mwanawe. Iwe wekha. Ogula ndi ogulitsa atsale panja azigwirana chanza."

M'katimo Stamatia anaiwala kutopa. Mbale zamaluwamaluwa zinali zitandandalikidwa khoma lonse mpaka kudenga. Kumapeto kunali bedi lalikulu lamatabwa osema, lokwera ndi masitepe ake, ndipo pawindo nyanja inadzaza maso. Mtima wake unaikonda nyumbayo pompo, ndipo zimenezi zinawonjezera ululu.

Mayi Ernia anamupatsa supuni ya jamu wa mphesa ndi tambula ya madzi ozizira.

"Kugulitsa ndikufunadi, ndisakunamize," anatero. "Mawondo atha. Mwana wanga Fotini ali ku America, akuti gulitsani, amayi, ine sindibwerera. A mahotela abwera kangapo, ndawathamangitsa ndi tsache. Dzina lako ndani?"

"Stamatia."

Mayi Ernia anakweza nsidze. "Ndiwe wachingati?"

"Wachisanu."

Panalibe chofunsanso. Dzina limeneli tanthauzo lake ndi "lekani". Kumtunda, kutsidya kwa nyanja kwawo kwa Stamatia, ankalipereka atsikana akachuluka m'nyumba, kumuuza Mulungu kuti basi, zakwana.

"Ndipo anamvera," anatero Stamatia akuyesa kuseka. "Wondipondayo ndi mnyamata. Nyumba ndi munda anatenga iye. Ine kwa bambo anga ndinatuluka ndi sutikesi."

"Mwana wamkazi kumutcha Lekani!" Mayi Ernia anaomba m'manja. "Anthu a kumtunda mitu yawo imayenda bwino? Ine nditabadwa agogo anga anakaliza okha belu la tchalitchi mpaka ansembe anatuluka opanda nsapato. Nanga m'mimbamo muli ndani?"

"Mtsikana. Adokotala anaona."

Maso a mayiwo anawala. "Dzina?"

"Aspasia, la apongozi anga. Kwathu mwana woyamba amatenga dzina la kuchimuna. Analipeta kale pakapilo."

Mayi Ernia anasisita thabwa la bedi lija.

"Tamvera, mwanawe. Kwa mwamuna sindigulitsa. Ndigulitsa kwa iwe, pamtengo womwe uja, poti pokhapo a Minas sanalakwe. Iwe udzasiyire uyo ali m'mimbayo. Koma nyumba ino imayenda ndi dzina. Agogo anga anali Ernia, mayi anga Fotini, ine Ernia, mwana wanga Fotini. Ndiye iye wabereka anyamata okhaokha, zimphona zodya ngati dzombe. Dzina lathera pa ine." Apa mawu awo ananjenjemera, ndipo anakwiya nako kunjenjemerako. "Ndikufuna Ernia wina adzagone pabedi ili. Apo ayi, firiji ibwerere kumene yachokera."

Stamatia anaganiza za apongozi ake. Sanali munthu woipa. Ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti adzalira.

"Mwana ndi wa awiri, amayi. Ndiloleni ndifunse bambo ake."

"Funsa. Nawonso amuna azimva kukoma kofunsidwa."

Stamatia anaima pachitseko n'kufotokoza zonse, mudzi wonse utatchera khutu. Lefteris anagwira mutu.

"Amayi andipha. Stamatia, andipha n'kundiikanso okha m'manda."

"Wachiwiri adzakhala Aspasia," anatero Stamatia.

"Akadzakhala mnyamata?"

"Mudzamugulire zeze," anatero a Minas, ndipo phokoso la chiseko linatsika masitepe onse mpaka kutchalitchi.

Stamatia yekha sanaseke. Anatsika sitepe imodzi n'kugwira dzanja la mwamuna wake.

"Lefteris, ine dzina langa linali londiuza kuti ndikanapanda kubwera. Ndayenda nalo moyo wanga wonse. Uyu timupatse dzina limene nyumba ikulidikira."

Zaka zonse zimene anakhala naye, Lefteris anali asanamumvepo akunena zimenezi. Anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya, natulutsa foni m'thumba.

"Foni imagwira pati kuno?"

Amuna onse analoza pamwamba pa mpanda wa miyala. Anakwera pamenepo ngati munthu wopita kokazulidwa dzino. Posakhalitsa mawu a Mayi Aspasia anayamba kumveka, foni ili kutali ndi khutu, ndipo mpaka lero alipo amene amalumbira kuti anawamva ali padoko. Lefteris ankangoti, "Eya, amayi. Ayi, amayi. Kapiloko tidzasunga, amayi." Koma pa dzinapo sanabwerere m'mbuyo.

Atatsika, thukuta lili kamukamu, anapeza a Minas atamuikira mpando pambali pa wawo, panja, pafupi ndi duwa lija.

"Khalani, achimwene. Malo a akamwini ndi ano. Mphepo imawomba bwino, ndipo palibe amakufunsa za denga likadontha."

"Bodza," anatero Mayi Ernia ali m'nyumba. "Denga ndi lanu. Nyamulani firijiyo, a ulesi inu, mwaonera zaulere zakwana!"

Katundu anayamba kulowa ndi phokoso, wina kugunda chitseko, wina kutukwana chala chake. A Minas anatumiza kuti zeze abwere. Mayi Ernia anamasula kiyi wamkulu wachitsulo pachingwe cha m'chiuno mwawo, namudutsa Lefteris amene anali atatambasula kale dzanja, n'kumuika m'manja mwa Stamatia.

Kabedi ka mwana Stamatia sanalole kuti wina asankhe pokaika. Anakakankha yekha mpaka pawindo loyang'ana kunyanja, m'munsi mwa bedi lalikulu lija. Kenako anakhala pasitepe ya bedilo, kiyi ali pamwendo, n'kuika dzanja pamimba.

"Ernia," anatero chapansipansi, "tafika kwanu."