Khosi la Wabutchala

Abale inu, munthu kukhala sabata yathunthu lumo lili m'manja, osameta ngakhale mutu umodzi! Ndi zimene zinam'chitikira Mlendo. Dzinalo anam'patsa ndi anthu a mumsewumo, iye n'kungolivomera.

Anachokera kutsidya kwa malire. Boma litalola kuti obwera azigwira ntchito m'malo mowaunjika kumsasa wa anthu othawa kwawo, bwana wa shopu yometera anam'patsa mpando wapakhomo. Koma bwanayo sanapsatire mawu: "Achimwene, pakapanda wokhalapo pofika Loweruka, mpandowu ndipatsa wina."

Makasitomala ankalowa, kum'yang'ana cham'mbali, n'kukafola kwa ometa enawo. Wosonkhezera moto anali wabutchala wa patsidya pa msewu, bambo wapakamwa ngati wailesi. "Khosi langa ndipereke kwa munthu wosadziwika kwawo? Mwandiyesa mbuzi?"

Loweruka shopu inadzaza thothotho, koma mpando wapakhomo uli mbee. Kenaka chitseko chinakankhidwa mwamphamvu. Wabutchala uja! Thukuta lili kamukamu, suti paphewa, ndevu ngati tchire. Mwana wake wamkazi ankakwatiwa tsiku lomwelo, ndipo galimoto inali ikuliza kale hutala panja.

"Anzanga, ndani andipatse malo? Chonde!"

Onse maso pafoni. Anzake omwe aja, inu!

Mlendo anapukuta mpando wake. "Bambo, khalani apa."

Wabutchala anayang'ana mzere, n'kuyang'ana panja. Anakhala ngati wakhalira minga. Ndiye Mlendo, mwa chizolowezi cha kwawo, anatembenuza mpando kuufulatitsa galasi, n'kuphimba nkhope ya mkuluyo ndi thaulo lofunda. Kwawoko munthu sadziona mpaka wometa atamaliza.

"Iwe! Ukundibisiranji galasi?" anakuwa wabutchala pansi pa thaulo.

Mlendo anali ataiwala kuti kuno anthu amafuna kuliona lumo likamayenda. Wadziphera yekha ntchito!

"Pepani bambo, ndiubweze?"

"Aaa, meta, meta, nthawi yatha!"

Mantha anali nawo, koma manja sanaiwale ntchito. Anachotsa thaulo, anapaka sopo, anasisita masaya, lumo n'kuyamba kutsetsereka kulowera kukhosi. Nkhani za mpira zinathera panjira. Ometa enawo anazimitsa makina, aliyense maso tong'o kuti aone.

Mwadzidzidzi kunamveka mkonono. Ee, mkonono weniweni! Wabutchala, wotopa ndi zokonzekera ukwati, anali atagona tulo tofa nato, mutu chagada, kukamwa yasa, lumo la Mlendo lili pakholingo penipeni.

Anthu anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Mlendo anasangalala mpaka misozi kulengeza. Anameta bwinobwino kuti asam'dzutse.

Bambo wina amene anali pamzere wa bwana anadzuka monyang'ama, n'kudzanong'ona: "Achimwene, mukamaliza awa, wotsatira ndine."