Kuphiri Salandira Wathewera

Ndinaimba foni mu Epulo, malo asanathe, ku sukulu ya kuphiri yophunzitsa ana ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa. Anayankha ndi Griselda, mnzanga wa ku pulayimale ku Esquel, amene mpaka lero amayankhula ngati wapolisi wapamsewu.

"Wazaka zitatu timalandira," anatero. "Koma thewera anasiya?"

"Watsala pang'ono."

"Noelia, mawu amenewo ndimawamva chaka chilichonse. Wathewera sitilandira. Aphunzitsi anga amaphunzitsa ski, sapukuta matako."

Ndinasuzumira pansi pa tebulo. Mwana wanga Licha anali kukukuta khoko la buledi, thewera lili lendelende mpaka m'mawondo.

Ine ndinabadwira m'munsi mwa phiri limenelo, ndipo ndinayamba kutsetsereka pa chipale ndisanadziwe kulemba dzina langa. Koma ndinakwatiwa ndi Fabián, munthu wa kunyanja, tikukhala ku Madryn. Julayi aliyense, sukulu zikatsekera, timapita kwa mchimwene wanga ku Esquel, komabe panali patatha zaka zinayi ndisanavale maski. Chaka choyamba inali mimba. Zinazo ndinkakhala m'lesitilanti ya m'munsi, Licha ali pamiyendo, ndikuonera pawindo Fabián akutsika phiri ngati kabati yoti aikankha pamasitepe. Tsiku lina anayesako kutsala ndi mwanayo. Ndisanamalize n'komwe kumanga nsapato, dzina langa linamveka pa zokuzira mawu, akundiitana kuti ndikatenge mwanayo.

Ndiye chaka chino ndinati zivute zitani, ndikwera.

Lamlungu tinali kwa apongozi anga a Elba, Fabián akuwotcha nyama pabwalo. Nditawauza maganizo anga, a Elba anaika pansi mpeni.

"Thewera amasiyitsa mu Januwale, kukutentha, mwana akuyenda buno bwamuswe pabwalo. Unamuona ndani akusiyitsa m'nyengo yozizira? Ufuna mdzukulu wanga adwale chibayo?"

"Mu Januwale kulibe chipale, Elba."

"Flaca, osadzivuta," anatero Fabián. Amanditchula Flaca, wowonda, ngakhale kuwondako kunapita ndi mimba ya Morena, mwana wathu woyamba. "Timuveke thewera mkati mwa zovala. Aona ndani?"

"Sumudziwa Griselda iwe. Mwana aliyense amamulandira pakhomo ndi kambama kam'mbuyo, ngati moni. Thewera limamveka ngati pilo."

"Basi udzatsalenso naye. Chokoleti cha m'lesitilanti muja umachikonda."

Ndinamuyang'ana mpaka anatembenuka n'kuyamba kutembenuza nyama yomwe anali atangoitembenuza kumene.

Lolemba ndinapinda kapeti, ndinagula makabudula amkati makumi awiri ndi kapoti kobiriwira. Lamulo linali limodzi: akakodza mu kapoti, kachidutswa ka chokoleti. Mwezi wonse wa Meyi ndinakhalira kukolopa. Anakodza kuseri kwa katani, anakodza mu nsapato ya bambo ake, tsiku lina anakodzera galu wa eni ake pa khonde. Mwayi wake mphepo ya ku Madryn siichedwa kuumitsa zochapa. Pofika pakati pa Juni, Licha ankatha tsiku lonse ali gwa, ndipo ndinatumizira a Elba chithunzi cha kapoti kodzaza.

Sabata yomweyo mlamu wanga anatumiza pa basi zovala za kuphiri zomwe ana ake anazikula. Ndinati timuyese. Buluku lamkati, malaya amkati, juzi, masokosi aatali, kenako chovala chachikulu chija cha thupi lonse, cha zipi yoyambira pakhosi, nsapato, magolovesi, chisoti. Mwana anaima pakati pa balaza ngati thumba la mbatata.

"Mami, ndikodza."

Ndinali ndisanavule golovesi yachiwiri pamene Morena, amene ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo palibe chimamudutsa, anati, "Mami, nsapato yadzaza."

Pamenepo ndinazindikira kuti ntchito ndinali ndisanaiyambe. Licha akanena kuti akodza, amakupatsa mphindi imodzi yokha. Kumuvula zonsezo kunkatenga zitatu.

Tinayamba zoyeserera za ku ski. Masana aliwonse Morena akaweruka, ndinkazimitsa hita, kutsegula mawindo onse, kumuveka Licha zonse mpaka chisoti, kumumwetsa juwisi, n'kudikira. Akangofuula, Morena ankayatsa wotchi ya pa foni, ine ndi mwana liwiro kubafa. Ndinamuphunzitsa kuvula magolovesi ndi mano ali m'njira. Pa zipi ndinamangapo kachingwe kofiira koti azikoka yekha. Tikapambana, chokoleti.

A Elba anatipeza tsiku lina zili choncho, makatani akuuluka, Fabián akumwa tiyi wathu wotchedwa mate, atavala jekete ndi chipewa.

"Mwana wanga, m'nyumba muno mwalowa misala?"

"Mama, musayankhule," anatero Fabián. "Ine ndinafunsako, ndinagona ndi njala."

"Abu, tayang'anani!" Morena anakuwira agogo akewo. "Masekondi makumi asanu ndi awiri! Dzulo anali makumi asanu ndi atatu kudza anayi!"

A Elba anakhala pansi, chikwama chili pamiyendo. Ulendo wachiwiri ndiwo ankafuula kwambiri kuposa tonse: "Koka chingwe, mwana wa ine, koka!"

Tinanyamuka Loweruka loyamba la holide, ulendo wa tsiku lathunthu, kapoti kali pamiyendo ya Morena. Tinaima kasanu ndi kawiri m'chipululu kuti Licha akodze, ine nditatchinga mphepo ndi chitseko cha galimoto.

Lolemba m'mawa Griselda anali pakhomo la sukulu. Anandipsompsona patsaya, anawerama, n'kumumenya Licha kambama kake kaja. Anamvetsera ngati munthu wogula chivwende.

"Chabwino. Udzamutenge wani koloko."

Sindinadikire kuti asinthe maganizo. Morena anapita ku gulu lake, Fabián ndinamusiya akulimbana ndi nsapato, ine ndinakwera mpando wapachingwe mpaka pamwamba penipeni. Kunali kutagwa chipale chatsopano usiku, dzuwa lili phwee. Ndikukonza magalasi, foni inalira m'thumba. Griselda.

"Wanyowetsa?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Wagwa?"

"Agwa bwanji, pa chipale sanapondepo n'komwe! Noelia, mwana ameneyu munamuphunzitsa chiyani? Tikangomaliza kumuveka magolovesi, akufuula kuti akodza, n'kuthamangira kuchimbudzi. Kasanu ndi kamodzi tsopano. Akatuluka akutambasula dzanja, akuti chokoleti. Ndamuuza kuti tiye panja ukasewere ski, akuti ski wasewera kale, ndipo wapambana."

Ndinaseka mpaka bambo wina amene anali pambali panga anasunthira kutali.

"Usaseke! Anzake anayi ayamba kumutsatira. Mphunzitsi wanga ali pa mzere wa kuchimbudzi ndi ana asanu, maski ali panja."

"Griselda, tandiuza. Wavala thewera?"

"Ayi."

"Ndi wouma?"

Anapuma mwamphamvu. "Ndi wouma."

"Ndiye lamulo lako lakwana. Chokoleti chili m'thumba lake lakumanzere, uzimupatsa kachidutswa kamodzikamodzi. Tionana wani koloko."

"Noelia! Iwe sunasinthe, unali chimodzimodzi ku..."

Ndinazimitsa foni, n'kuitsekera m'thumba. Pokhota koyamba ndinadzandira, pachiwiri ndinagwa chagada, chipale chinalowa mpaka m'khosi. Ndinadzuka, ndinadzisansa. Pachitatu mawondo anakumbukira okha, ndipo ndinatsika osaimanso. Chapakati ndinamudutsa Fabián atakhala pansi akufunafuna ndodo yake ya ski. Anandikuwira kuti ndimuthandize. Ndinamubayibitsa.