Mchere M'mabedi a Tomato

Tomato wa Amake Mapasa ankafota madzi ali m'khosi. Masamba anapsa m'mphepete, ndipo pamwamba pa dothi panayera ngati wina wawazapo ufa.

Girinihausi yomwe munali tomatoyu, nyumba ya pulasitiki yolimamo ndiwo zamasamba, anaimanga amuna awo asanapite kutali kukagwira ntchito. Tsiku lonyamuka anati, "Tomatoyu akayamba kutidyetsa ndidzabwerako, ndipo sindidzachokanso." Mawu amenewo mayiwa ankagona nawo n'kudzuka nawo. Pakhomo popanda mnzako pamazizira, abale! Mapasa akafunsa kuti atate abwera liti, iwo ankangonyamula keni yothirira n'kulowa mu girinihausi.

Ndiye kuthirira kwake! M'mawa madzi, masana madzi, madzulo mtima ukawapukwa madzinso. Mbewu ikaoneka yofooka ankati ndi njala, n'kutapa feteleza ndi dzanja kuwonjezera.

"Alamu, mwayamba kulima mpunga kodi?" anaseka mchemwali wa amuna awo ataona matope. "Achimwene mwawasowa, tikudziwa, koma tomatoyu mumupha ndi chikondi. Kaitaneni alangizi. Safunsa anadya phula."

Alangizi a zaulimi atabwera anagwada pabedi n'kuzula tomato mmodzi. Mizu inali yaifupi, yakuda, yonunkha kuwola. Anakumba pambali pomwe panauma, dothi linatuluka chibuma cholimba ngati njerwa.

"Mayi, dothi lamoyo limakhala ndi timipata todutsa mpweya," anatero. "Mukamathira madzi osalekeza, timipatato timatsekeka, dothi limagwirana, mizu imalephera kupuma n'kuwola. Mbewu yowola mizu imafota ngati ya ludzu, ndiye inu mumawonjezera madzi."

"Nanga feteleza walakwa chiyani? Kumunda ndakhala ndikuthira chonchi, osaona vuto."

"Kumunda kumagwa mvula, imatsuka zotsalira. Muno mvula silowa. Madzi akauma ndi kutenthaku, mchere wa feteleza umatsala pamwamba. Choyerachi ndi chimenecho, ndipo chikuwotcha mizu."

Amake Mapasa anakhala pansi pamatopepo. Misozi inalengeza. "Ndiye kuti amene ndikuwachedwetsa bambo a ana kubwera ndine?"

"Tomato uyu wapita, sindikunamizani. Koma dothi limachira."

Anawauza kuti azule zonse, atipule mabedi ndi kuwakweza, akumbe ngalande yotulutsira madzi kunja, kenako athire madzi abwino ochuluka kamodzi kuti mchere utsike. Dothi likachita mbuu asakanizemo manyowa owolerana bwino, aphimbire ndi udzu wouma, ndipo aleke kuponda pabedi. Feteleza azithira ndi muyeso, pa nthawi yake.

"Musanathirire muzipisa chala m'dothi," anamaliza alangizi. "Chikatuluka chonyowa, keniyo ipume."

Kuimba foni kunali kowawa. Atawauza amuna awo kuti mbewu yonse yapita, anamva mawu otsika: "Basi, ndikhalakonso nyengo ina." Mayiwa analira mpaka mutu kuwawa.

Kutipula sikunawavute, alamu awo anawathandiza. Chovuta chinali kuugwira mtima. Madzulo ena ankafika pakhomo la girinihausi keni yodzaza ili m'manja, n'kupisa chala, chala n'kutuluka chonyowa. Ankaima pamenepo kuyang'ana mbande zatsopano, kenako madziwo n'kukawasambitsira mapasa.

Pang'onopang'ono dothi linayamba kuda ndi kufewa. Madzi akathiridwa ankalowa osadikha. Tsiku lina akupalira anaona nyongolotsi ikudzipinda m'manja mwawo, anakuwa ngati atola golide, mpaka alamu awo anathamanga poyesa kuti ndi njoka.

Tomato anabereka mpaka timitengo togwiriziza kupindika. Ogula anayamba kudzitengera okha pakhomo. Atakolola kachiwiri, Amake Mapasa anaimbanso foni. Sanachulutse mawu, anangoti, "Ntchito yandichulukira kuno, manja awiri sakukwana."

Bambo aja anafika masana ena mayiwa ali mkati kuthyola tomato. Mapasa anawazemba kaye kumbuyo kwa azakhali awo, poti anali atawaiwala nkhope. Amake Mapasa anatuluka manja ali obiriwira, n'kulandira chikwama. Chinali cholemera. Bambowa anabwera ndi zonse, mpaka bulangete ndi kapoto komwe ankaphikira kuntchito kuja.

Inu amene mumalima mu girinihausi, kumbukirani kuti mkatimo mvula sigwa, choncho chilichonse chimene mwathira chimakhala momwemo. Madzi ndi feteleza zikapitirira muyeso zimaumitsa dothi ndi kupha mizu. Thirirani dothi likafuna, lidyetseni manyowa, ndipo mbewu ikayamba kufota funsani alangizi musanawonjezere kanthu.