Ndowe Pamwamba pa Mankhwala

Sunaina anali atatentha thupi kwa milungu yambiri. Mimba inatupa, manja anaonda ngati mapesi, nkhope inayamba kuda. Mayi ake, Phulmati, anali atapita naye kale kwa wogulitsa mankhwala wa pamsika, yemwe anamubaya jakisoni n'kulonjeza kuti mawa lake azisewera. Mawalo linafika, mwana ali chigonere.

M'mawa wina kunabwera Dokotala Nusrat, wofufuza matenda a kala-azar. Ntchito yake inali kupachika misampha ya nyali m'nyumba za m'mudzimo, n'kumaona tintchentche togwidwamo, tija tochepa kuposa udzudzu timene timabisala m'ming'alu ya makoma a dothi n'kumaluma anthu akagona, kuwapatsa matendawa. Atatsitsa msampha wa m'nyumba ya Phulmati, anaupeza uli wodzaza.

"Kodi muno sanapopere mankhwala?" anafunsa.

"Anapopera, achemwali," anatero Phulmati.

Nusrat anasisita khoma ndi chala. Linali losalala, likununkhabe ndowe yatsopano. "Nanga mankhwalawo ali kuti?"

Amene anayankha ndi a Kaushalya, apongozi ake a Phulmati, akupeta mpunga pakhomo. "Ali pansi pa ndowe, komwe akuyenera. Chikondwerero cha Diwali chifike, mulungu wathu Lakshmi alowe m'nyumba ya mathothomathotho yonunkha chipatala? Ndinati azire, anazira. Inu ophunzira mumachezera ntchentche, ngati anthu anatha m'mudzi muno!"

"Amayi, mukazira mwakwirira mankhwala onse. Tintchentche timatera pandowe popanda vuto."

Akulankhula choncho, Nusrat anaona mwana pamphasa. Anagwada, n'kusindikiza mimba kumanzere, pansi pa nthiti. Panali polimba.

"Zinayamba liti?"

"Mpunga usanache," anayankha Phulmati.

"Mupite naye lero kuchipatala cha boma. Angomubaya chala, aone magazi. Mankhwala ake alipo, ndipo ndi aulere. Koma lero, osati mawa. Galimoto yathu ili pamsewu apo."

"Bambo ake ali kutali ku Punjab, kodzala tirigu wa eni ake," anatero a Kaushalya. "Mkazi wa pakhomo pano sakwera galimoto za alendo mwamuna wake kulibe. Anthu aziti chiyani? Iwe, mphodza ikupserera uko."

Phulmati anakokera nsalu kumaso, n'kulowa kukhitchini. Nusrat anachonderera, anabweranso ndi namwino, koma anapeza chitseko chotseka. Phulmati anali kuseri kwake, akumva zonse, mwana ali pamiyendo.

Mwamuna wake, Lallan, atabwera, Sunaina anali atayamba kukha magazi m'mphuno. Anamunyamula n'kuthamangira naye kuchipatala. Madokotala anamuyeza, anapeza kala-azar, anamuika diripi. Koma magazi anali atatha m'thupi, chifuwa chitagwidwanso. Anamwalira sabata isanathe.

Maliro atatha, Lallan anabwerera ku Punjab. Posakhalitsa Chhotan, mlongo wake wa Sunaina, anayamba kutentha thupi. Phulmati anamugoneka chagada, n'kusindikiza pomwe Nusrat anasindikiza paja. Anamuika paphewa.

"Ukupita kuti?" anafunsa a Kaushalya. "Ndatuma kale munthu kwa wansembe."

"Kuchipatala, Amayi."

"Ndani wakulola?"

"Mwana woyamba uja ndinamudikirira chilolezo."

A Kaushalya anaima pakhomo. Phulmati anawalambalala, nayenda mpaka pamsewu.

Kuchipatala anakumana ndi Nusrat. Sanakumbutsane zakale. Nusrat anangogwira mwanayo pamimba n'kuti, "Uyu mwafulumira naye." Chhotan analandira diripi, ndipo patapita masiku ochepa anayamba kulirira chakudya.

Pobwerera kumudzi, Phulmati anaima pamalo okwerera basi kuti amugulire Chhotan jalebi, kachakudya kokazinga kotsekemera. Wogulitsa anakulunga m'pepala, Phulmati n'kulandira. Atakhala pansi m'basimo, anafunyulula pepala lija. Anali atagula awiri, monga ankachitira Sunaina ali moyo.

Phunziro: Nyumba ikapoperedwa mankhwala, musazire kapena kupaka makoma mpaka azaumoyo atanena. Ngati pali chikondwerero, zirani kaye, kupopera kubwere pambuyo. Munthu akatentha thupi kupitirira milungu iwiri, mimba n'kumatupa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kala-azar amachizika, koma sadikira kuti mwini nyumba abwere kuulendo.