Netiweki ya pa Kampepuza

1.
E. Kachilembo kamodzi pamwamba pa foni. Bambo anga, a Ngozo, telala wa pa Kampepuza, ankakwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi kukakasaka, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Ine ndili kusekondale ku Balaka. Akafulasha kamodzi, kumudzi kuli bwino. Kawiri, imba. Katatu sanafulashepo, ankati n'kuwononga batire.

2.
Mibadwo ya netiweki, monga ndinawalongosolera nditayamba kudziona wophunzira:
2G, ya E ija: mawu ndi uthenga basi.
3G: chithunzi chimafika, koma mutha kupinda diresi lonse chisanatseguke.
4G: nkhope ikuyenda, ikuseka, nthawi yomweyo.
5G: filimu yathunthu musanalowetse ulusi pa singano.
Ndiye akuthamangira kuti? anafunsa bambo.

3.
Cape Town, sukulu ya unamwino. Ndinawatumizira foni ya 4G kudzera kwa dalaivala wa basi. Zaka ziwiri tinkaimbirana pa vidiyo Lamlungu lililonse, ndipo zaka ziwiri ndinkaona mphuno yawo ndi malata a denga, chifukwa foni ankaigwira ngati akuinunkhiza. Ndinkaikonda mphuno imeneyo. Mu Malichi wa chaka changa chomaliza, vidiyo inasiya kugwira.

4.
Ababa, yatsani vidiyo ndikuoneni.
Netiweki, mwanawe. Yabwerera pa E.
Mawu anunso akukokeka.
Netiweki.
Mwati chani?
Ndati mayeso liti?
Novembala.
Werenga.

5.
Iwe Mwandida, ndiwe wotani, wakhala pa benchi ya chipatala ndi foni ya 5G m'manja ukutukwana nsanja za netiweki zomwe sunazione, ukuuza anzako kuti kwathu chitukuko chimayenda chobwerera m'mbuyo, kuti dziko lonse likuthamanga ife tikukwerabe chulu, ukuwerengera bambo ako manambala a liwiro ngati kuti iwo ndi amene amakoka mawaya, ndipo pansi pa mkwiyo wonsewo pali kanthu kena kakukuluma, miyezi isanu ndi iwiri osaona nkhope yawo, ukuganiza zokwera basi mawa lomwe koma ukudziwa kuti ukaphonya mayeso ubwereza chaka chonse, ndiye ukuimbanso, ukumvanso mawu aja akubwera limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wakutha

6.
Amayi, Anambewe, amalanda foni pakatikati pa nkhani.
Bambo ako atopa.
Atopa ndi chani, Amayi?
Mayunifomu a sukulu. Iwe ukudya?
Ndikudya. Bwanji osakwera chulu, mwina kumeneko igwira?
Chulu anagumula oumba njerwa. Werenga.

7.
Werenga. Werenga. Ndinawerenga.

8.
Disembala. Minibasi inanditsitsa pa Kampepuza masana, ndipo foni yanga inalira m'thumba, mauthenga akulowa motsatizana. 4G. Timizere tonse todzaza. Nsanja yatsopano ili kuseri kwa sukulu, yoonekera ngakhale pakhomo pathu.

Makina osokera anali ofundikidwa chitenje. Bambo anali pakhonde, dzanja lamanja litagona pamwendo, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Sitiroko. Ine wophunzira unamwino, ndinaimva miyezi yonseyo m'khutu langa lomwe, n'kumaitcha netiweki.

Inawagwira mu Malichi, anatero Amayi akuyang'ana pansi. Ndi iwowa anandituma kwa wokonza mafoni, kuti foni yawo aitsekere pa E.

Ndinagwada. Ndinafuna kukalipa, koma ndinalira.

Ababa, mukanandiuza.
Ukana... bwera. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ndipo ulendo uno ndinawadikira onse. Wa... khoza?
Ndakhoza, Ababa.

Anaseka ndi theka la pakamwa, n'kunditambasulira dzanja lofooka lija.
Chabwino, anesi. Yambani ntchito.