Silabu ya ku Matero

Kulthum anadziwira m'bafa lochapira kuti simenti ija inali yabodza. Zaka khumi ndi zisanu wakhala akuchapa ovolosi ya mwamuna wake Nassoro, mmisiri womanga nyumba, ndipo simenti yeniyeni amaidziwa bwino. Imakakamira pansalu, imang'amba zala, umachita kuipala ndi mpeni. Koma ya ku Matero ija inangosungunuka ngati ufa, madzi n'kuyera mbuu, manja ake osamva kanthu.

Anamuuza tsiku lomwelo. Nassoro anangoti, "Manje wochapa ndiye aziphunzitsa womanga?" Koma kuyambira pamenepo chakudya ankangochinyanyala, ndipo Kulthum anadziwa kuti nayenso anaiona.

Chinali chaka cha makuponi a ufa, chaka chofola pamzere wa sopo mpaka miyendo kutupa. Nassoro anatha miyezi inayi wopanda ntchito, kufikira atabwera Ba Mukuka a ku Matero, kalaliki amene anali atangochotsedwa ntchito. Mbava zinali zitawakanganulira malata kawiri, choncho pa chipinda cha ana awo aakazi atatu ankafuna denga la silabu ya konkire. Simenti anagula okha kuseri kwa msika, matumba osokedwanso ndi ulusi. Nassoro sanafunse zambiri. Kunyumba kunali njala.

Chimene chinkamudya mtima Kulthum ndi lamulo la apongozi ake. Che Abdulmajid anachoka ku Mangochi ndi levulo yoyezera khoma ndi chingwe chokha, nawoloka malire, namanga theka la komboni ya Kanyama, ndipo mwana wawo anamusiyira lamulo limodzi: tsiku logwetsa mitengo yochirikiza silabu, amene anathira konkire aziima pansi pake. Ankati ukaopa kuima pansi pa ntchito yako, usagonekepo mwana wa mnzako. Nassoro sanaphonyepo. N'chifukwa chake anthu ankamufuna mpaka ku Chawama ndi ku George.

Tsiku logwetsa mitengolo litakwana, Nassoro anachoka atamwa tiyi wopanda shuga. Kulthum anasesa, kutsuka mbale, kenako anapeza kuti mbale imodzi waitsuka katatu. Anasiya mwana wake Abiba kwa aneba, nauyamba wapansi wa ku Matero.

Anafika dzuwa lili pamutu. Nassoro anali kale m'chipinda chija, ataima pakati pa mitengo, manja kumbuyo. Ba Josiah, mdala wa imvi amene wagwira naye ntchito kuyambira kale, anali atanyamula hamala. Pakhomo panali Rhoda, mkazi wa Ba Mukuka, ndi atsikana ake atakumbatira mphasa, akukangana za wogona pawindo.

Kulthum sanapereke moni kwa aliyense. Analowa, kugadabuza ndowa, n'kukhalapo pafupi ndi mwendo wa mwamuna wake.

"Amake Abiba, chokani," anatero Nassoro motsitsa mawu.

"Nalema. Nachoka kutali. Nikhaleko pamthunzi."

Ba Mukuka anaseka. "Ba Nassoro, mwabwera na inisipekita wanu?"

"Amake Abiba, nakupemphani."

"Ngati ni yolimba, niope chani? Ba Josiah, menyani."

Kulthum anayang'ana kumwamba. Pakati pa matabwa panali kutsika kamchenga, pang'onopang'ono, kugwera pa duku lake. Anaganiza za Abiba, kuti wamusiya osamusambitsa, ndi kuti aneba aja amamenya ana.

Ba Josiah anatsitsa hamala. "Ine mkazi wa bene sinimenyera mtengo. Iwe Nassoro nikumenyera chifukwa ndiwe wouma mutu monga batate bako. Koma aba, iyayi."

Kenako Nassoro anamugwira mkono mkazi wake, natuluka naye panja. Aka kanali koyamba kutuluka mitengo isanagwe, ndipo nkhope yake inali ngati ya munthu wochokera kumanda. Anamanga chingwe pa mtengo wapakati, anthu onse anawakankhira kumsewu, iye ndi Ba Josiah n'kukoka. Mtengo unagwa. Anamanganso wina, unagwa. Anatero mpaka wotsiriza, matabwa n'kukhuthukira pansi.

Silabu inaima.

Ba Mukuka anawomba m'manja. Rhoda analuluta pang'ono, atsikana n'kuyamba kuthamangira pakhomo ndi mphasa zawo. Apa m'pamene Kulthum anachita mantha enieni, oposa a pandowa paja. Chinthu chikagwa lero chimagwera fumbi. Chikaima lero, chidzagwa m'mvula ya Januwale, pansi pali ana atatu.

"Imani," anatero Nassoro, atatambasula mkono pakhomo.

Anatola msomali wautali, kukwera pamwamba pa khoma, n'kuubaya m'mphepete mwa silabu ndi dzanja lokha. Unalowa ngati mu mbatata yophika. Anamatula chibuma, natsika nacho, nachifikisa m'dzanja pamaso pa Ba Mukuka. Chinasanduka mchenga.

"Koma yaima," anatero Ba Mukuka. "Mwaona mweka, yaima. Vonse vamene bananipatsa pochoka pa nchito vili apo, Ba Nassoro. Tiikeko chabe pulasitala."

"Simenti munagula ndimwe. Koma ine ninaiona, ninathira. Mulandu ni wanga. Nizamanganso na manja yanga, olo vitenge chaka. Koma ana sagona muno."

"Mukaigwetsa, nizauza Matero yonse."

"Auzeni."

Anatenga hamala kwa Ba Josiah, nakweranso pakhoma. Kulthum anafuna kutseka maso koma analephera, poopa kuti khoma lingapite naye limodzi. Nassoro anamenya kamodzi, kawiri. Kachinayi silabu inathyoka pakati, n'kugwa yonse ndi mkokomo umene unatulutsa anthu m'nyumba zoyandikana. Fumbi litachepa, Nassoro anali akadali pakhoma, atakhala motang'adza, woyera ngati mzukwa.

Ba Mukuka anakhala pansi m'dothi. Rhoda ankagwira mitu ya ana ake mmodzimmodzi, kubwereza ndi kubwereza, maso ali pa chimulu cha konkire chimene chinadzaza chipinda mpaka pawindo.

Kulthum anadziwa kuti ntchito ina sibwera msanga, ndipo mwezi uno adya kamodzi patsiku. Anamanga chitenje mwamphamvu, natola fosholo imene inatsamira pakhoma.

"Tsikani apo musanagwe," anauza mwamuna wake. "Bweretsani wilibala."